Kusintha Chosungira cha Kompyuta ya Sukulu ndi Kusamutsa Operating System

Mau Oyamba

Makompyuta ambiri amene ali m'sukulu zathu za sekondale ndi m'makoleji a aphunzitsi sadafike ali atsopano. Ena adaperekedwa ngati mphatso atatumikira kale zaka zingapo m'maofesi, ndipo ena adagulidwa atagwirapo kale ntchito kwina. Makina otere amayaka ndithu, koma amayaka mwaulesi. Mphunzitsi amene ali ndi phunziro la mphindi 40, ophunzira ake akugawana kompyuta imodzi anayi kapena asanu, amadziwa kuwawa kwa nthawi imene imatha ana akungoyang'ana pa sikirini kudikira kuti makina adzuke. Chotsatira chake n'chakuti phunziro loyenera kuchitika ndi manja limasanduka la pa bolodi, ndipo wophunzira amafika pa mayeso akudziwa kulongosola zinthu zimene sadazigwirepo.

Kawirikawiri timafulumira kuweruza kuti kompyuta yatha, n'kuiunjika m'chipinda chosungiramo katundu. Komatu nthawi zambiri chimene chatopa ndi chiwalo chimodzi chokha, ndicho chosungira. Nkhani ino ikulongosola m'mene mphunzitsi angachotsere hard disk yakale n'kuikapo SSD, ndiponso m'mene angasamutsire operating system popanda kutaya ntchito za ophunzira kapena zolembedwa za sukulu.

Nkhokwe ndi Lichero

Pali ziwalo ziwiri zimene ophunzira, ngakhalenso aphunzitsi ena, amazisokoneza: chosungira ndi RAM. Chosungira chili ngati nkhokwe. Zonse zimene zaikidwamo zimakhalabe momwemo ngakhale magetsi athime. RAM ili ngati lichero. Ndi pamene pamaikidwa zokhazo zimene zikugwiritsidwa ntchito pa nthawiyo, ndipo kompyuta ikazimitsidwa lichero limatsala lopanda kanthu.

M'nkhokwemo muli zinthu za mitundu itatu. Choyamba ndi operating system, imene ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, monga Windows kapena Ubuntu. Chachiwiri ndi mapulogalamu ogwirira ntchito, monga olembera makalata ndi owerengera. Chachitatu ndi mafayilo a anthu: zolemba za ophunzira, mafunso a mayeso, malikisi, ndi zina zotero. Pamene tiyatsa kompyuta, operating system iyenera kutapidwa m'nkhokwe n'kuikidwa pa lichero. Ngati wotapayo ali wochedwa, nyumba yonse imadikira, ngakhale ophika atakhala achangu chotani.

Kusiyana kwa Hard Disk ndi SSD

Hard disk yoyamba idatulutsidwa ndi kampani ya IBM m'chaka cha 1956. Idali ndi mbale 50, iliyonse yotambalala mainchesi 24, ndipo zonse pamodzi zinkasunga zilembo pafupifupi 5 miliyoni, zimene lero sizingakwane ngakhale nyimbo ziwiri. Kuchokera nthawi imeneyo hard disk yachepa msinkhu ndipo yakula mimba, koma kagwiridwe kake ka ntchito sikadasinthe. M'kati mwake muli mbale zozungulira ndi kamkono kamene kamayendayenda pamwamba pa mbalezo, monga m'mene nsingano ya galamafoni inkayendera pa rekodi. M'makompyuta ambiri mbalezi zimazungulira ka 5,400 kapena ka 7,200 pa mphindi imodzi.

Liwiro limeneli likumveka lalikulu, koma vuto lagona apa: nthawi iliyonse pamene kompyuta ifuna kachidutswa ka fayilo, kamkono kaja kayenera kusuntha kupita pa mzere woyenera, kenaka kudikira kuti mbale izungulire kufikira malo ofunikawo afike pansi pake. Ulendo umodzi wotere umatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi. Tsono poyatsa kompyuta, Windows imawerenga timafayilo ting'onoting'ono zikwizikwi tomwazikana pa mbale yonse. Ndiye chifukwa chake kanyali ka hard disk kamangoyaka osaphethira pamene wogwiritsa ntchito akudikira.

SSD ilibe mbale, ilibe kamkono, ndipo mulibe chilichonse choyenda. Imasunga zinthu m'tizipangizo ta magetsi tofanana ndi timene tili mu fulashi kapena mu foni. Pofuna kachidutswa ka fayilo, imafikapo nthawi yomweyo, kaya kali poyamba kaya kali potsiriza. Powerenga fayilo imodzi yaikulu, hard disk wamba imatha kupereka pakati pa 80 MB ndi 160 MB pa sekondi, pamene SSD yolumikizidwa pa SATA imafika cha m'ma 550 MB. Koma phindu lenileni lili pa timafayilo ting'onoting'ono tija, pamene SSD imaposa hard disk kakhumikakhumi. Kuonjezera apo, SSD siopa kugwedezeka, siichita phokoso, ndipo imadya magetsi ochepa.

Tiyenera kunenanso chimene SSD siingachite. Siikulitsa RAM, ndipo siisandutsa processor yakale kukhala yatsopano. Kompyuta ya RAM yochepa kwambiri idzavutikabe ikatsegulidwa mapulogalamu ambiri nthawi imodzi.

Zoyenera Kufufuza Musanagule

Safunsa adadya phula. Ndalama za sukulu n'zochepa, kotero musanalembe kalata yopempha ndalama kwa mphunzitsi wamkulu, tsegulani kompyutayo ndipo muone zinthu zitatu izi.

Choyamba ndi polumikizira. Makompyuta ambiri opangidwa kuyambira cha m'ma 2005 ali ndi SATA, imene nthambo yake ndi yopyapyala ndipo pakamwa pake pamaoneka ngati chilembo L. Mukapeza nthambo yotambalala ngati lamba, imeneyo ndi IDE, ndipo makina otere ndi akale kwambiri kotero kuti si nzeru kuwaonongera ndalama. Makompyuta a zaka zaposachedwa amakhalanso ndi polowetsa pa M.2, pamene pamalowa SSD yooneka ngati kalula kakang'ono. Yofala kwambiri ndi ya 2280, kutanthauza mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali. Chenjerani: ma SSD a M.2 alipo a mitundu iwiri, a SATA ndi a NVMe, ndipo si kompyuta iliyonse imene imalandira yonse iwiri. Werengani buku la kompyutayo musanasankhe.

Chachiwiri ndi msinkhu. SSD ya SATA ndi ya mainchesi 2.5, mofanana ndi hard disk ya laputopu, motero mu laputopu imalowa bwinobwino. M'kompyuta ya pa tebulo malo ake amakhala a mainchesi 3.5, ndipo pamafunika kachitsulo kogwiriziza kuti isamalendewere.

Chachitatu ndi kukula kwa mimba yake. Onani kuchuluka kwa zimene zili kale pa disiki yakale, osati kukula kwa disikiyo kokha. Kumbukirani kuti opanga madisiki amawerenga mosiyana ndi Windows: disiki yolembedwa 256 GB imaoneka ngati 238 GB, ya 500 GB imaoneka ngati 465 GB, ndipo ya 1 TB imaoneka ngati 931 GB. Pamenepa palibe chinyengo. Iwo amawerenga m'magulu a 1,000 pamene Windows imawerenga m'magulu a 1,024. Kwa kompyuta ya ophunzira, 256 GB imakwanira. Kwa kompyuta ya mu ofesi, imene imasunga zolembedwa za zaka zambiri, 500 GB ndiyo yabwino. SSD imafuna malo opumira, kotero musaidzaze mpaka pakamwa.

Njira Ziwiri Zosamukira

SSD yatsopano imabwera yopanda kanthu, ndipo kompyuta siingayake nayo kufikira itaikidwa operating system. Kungokopera mafoda a Windows monga timakoperera nyimbo sikuthandiza, pakuti pa disiki pali zigawo zobisika zimene zimauza kompyuta poyambira, ndipo zimenezi sizioneka pamene tikukopera mafoda. Njira zenizeni zilipo ziwiri.

Njira yoyamba ndi kujambula disiki yathunthu, kumene akatswiri amakutcha cloning. Pulogalamu yapadera imawerenga disiki yakale, zigawo zobisika zomwe, n'kulemba zonse pa disiki yatsopano. Kompyuta imayaka ili m'mene idaliri: mapulogalamu, mafayilo, maina a ogwiritsa ntchito, ndi makonzedwe a makina osindikizira. Ubwino wake ndi wakuti siifuna intaneti kapena kufunafuna mapulogalamu amene mwina sukulu ilibenso poatenga. Kuipa kwake ndi kwakuti wosamukayo amanyamula katundu yense ndi nsikidzi zomwe: ngati m'kompyuta mudali mavairasi kapena Windows idali yoonongeka, zonsezo zimasamukira limodzi.

Njira yachiwiri ndi kuika operating system mwatsopano kuchokera pa fulashi ya 8 GB kapena kuposerapo, kenaka kubwezeretsa mapulogalamu ndi mafayilo. Imatenga nthawi, koma nyumba imakhala yosesa. Iyi ndiyo yoyenera kompyuta imene yadutsa m'manja ambiri ndipo yalowetsedwa mafulashi osawerengeka.

Posankha, lingaliraninso za msinkhu wa operating system yomweyo. Kampani ya Microsoft idathetsa chithandizo cha Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10 chidatha pa 14 Okutobala 2025. Windows 11, imene idatuluka mu 2021, imafuna kompyuta yokhala ndi UEFI, TPM 2.0, RAM yosachepera 4 GB ndi processor ya zaka zaposachedwa, ndipo kusintha chosungira sikukwaniritsa zimenezi. Kwa makina amene sangathe kunyamula Windows 11, nthawi yosintha disiki ndiyo yabwino kuganizira za Ubuntu kapena Linux Mint, zimene ndi zaulere ndipo zimayenda bwino ndi LibreOffice. Koma musasinthe musanafunsane ndi aphunzitsi a phunzirolo, pakuti ophunzira ayenera kuzolowera mapulogalamu amene adzakumane nawo pa mayeso.

Kukonzekera

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito yambiri imaonongeka pokonzekera, osati pomanga zitsulo.

Choyamba, koperani mafayilo onse ofunika pa chosungira china chapadera, ndipo mutsegule angapo mwa iwo kuti mutsimikize kuti akuwerengeka. Chitani zimenezi ngakhale mwasankha cloning. Malikisi a chaka chonse sangabwezedwe ndi kupepesa.

Chachiwiri, yezani thanzi la disiki yakale. Disiki iliyonse imasunga mbiri ya zovuta zake, yotchedwa SMART, ndipo pulogalamu yaulere monga CrystalDiskInfo imaionetsa. Ngati disiki ikulira kuti khwa khwa khwa, kapena pulogalamuyo yachenjeza, musaikakamize kuwerengedwa yonse. Pulumutsani mafayilo ofunika msanga, kenaka tsatani njira yachiwiri.

Chachitatu, onani ngati disiki idatsekedwa ndi BitLocker. Ngati ndi choncho, lembani pa pepala kiyi yake ya manambala 48, ndipo muchotse chitsekocho musanayambe kusamutsa.

Chachinayi, fufutani zosafunika kuti katundu apepuke. Pomaliza, onetsetsani kuti magetsi ndi odalirika: laputopu ikhale yodzaza moto, ndipo kompyuta ya pa tebulo ilumikizidwe ku UPS ngati sukulu ili nayo.

Kusamutsa Kwenikweni

1. Lumikizani SSD yatsopano disiki yakale ili m'malo mwake. Pa kompyuta ya pa tebulo gwiritsani ntchito polumikizira pa SATA pachiwiri. Pa laputopu pafunika kanthambo kochokera ku USB kupita ku SATA. Ngati pali polowetsa pa USB 3.0, pamene kawirikawiri pamakhala pa mtundu wa buluu, sankhani pamenepo. USB 2.0 imangopereka cha m'ma 30 MB pa sekondi, kotero 100 GB ingatenge pafupifupi ola lathunthu.

2. Yatsani pulogalamu yojambulira. Ena mwa opanga ma SSD amapereka yawo, monga Samsung Data Migration. Palinso Clonezilla, pulogalamu yaulere yochokera ku Taiwan, imene imayatsidwa kuchokera pa fulashi ndipo imajambula Windows ndi Linux zomwe. Dziwani kuti Clonezilla imafuna kuti kolandira kukhale kofanana kapena kokulirapo kuposa kochokera. Motero SSD ya 480 GB idzakanidwa ngati disiki yakale ndi ya 500 GB, ngakhale zili m'katimo zitakhala zochepa. Zikatero, gwiritsani ntchito pulogalamu imene imatha kuchepetsa zigawo yokha posamutsa.

3. Sankhani disiki yochokera ndi disiki yolandira. Apa ndiye pa mtima pa ntchito yonse. Mukasinthanitsa ziwirizi, pulogalamu idzajambula disiki yopanda kanthu pamwamba pa yakale, ndipo zonse zidzafafanizika. Clonezilla siitchula madisiki kuti C kapena D. Imawatcha sda, sdb ndi maina ena otere. Choncho musadalire zilembo. Werengani dzina la wopanga ndi kukula kwa disiki iliyonse, ndipo ngati pali mnzanu pafupi, ayambe wawerenga nayenso musanavomereze.

4. Sankhani kujambula disiki yonse, osati chigawo cha C chokha, kuti zigawo zobisika zija zisatsale. Ntchito ikayamba musaisokoneze. Magetsi akathima pakati, kawirikawiri disiki yakale siionongeka, popeza ikungowerengedwa, mudzangoyambanso.

5. Ikatha, zimitsani kompyuta, zulani nthambo ya magetsi, ndipo chotsani batire ngati ndi lochotseka. Gwirani chitsulo cha bokosi la kompyuta musanakhudze za m'kati, kuti magetsi amene thupi limatola ku zovala asaononge tizipangizo. Chotsani disiki yakale n'kuika SSD pa nthambo yomweyo.

6. Yatsani kompyuta ili ndi SSD yokha. Musasiye disiki yakale yolumikizidwa pa kuyatsa koyambaku, pakuti madisiki awiriwa tsopano ali ngati mapasa okhala ndi dzina limodzi, ndipo kompyuta ingayake ndi yakale inu mukuyesa kuti ntchito yatheka.

Zovuta Zimene Zimaoneka

Ngati kompyuta ikunena kuti siikupeza poyambira, lowani mu BIOS kapena UEFI pokanikiza batani limene limatchulidwa poyatsa, kawirikawiri F2, F10 kapena Delete, ndipo muike SSD patsogolo pa mndandanda. Musasinthe makonzedwe ena. Disiki imagawidwa m'njira imodzi mwa ziwiri: MBR, imene imayenda ndi BIOS yakale ndipo siipitirira 2 TB, kapena GPT, imene imayenda ndi UEFI. Windows yoikidwa m'njira imodzi siiyaka kompyuta ikasinthidwira ku njira inayo.

Ngati SSD ndi yaikulu kuposa disiki yakale, mungapeze kuti malo ena atsala osagwiritsidwa ntchito. Tsegulani Disk Management n'kukulitsa chigawo cha C. Nthawi zina kachigawo kobwezeretsera Windows kamakhala pakati n'kutsekereza. Zikatero pangani chigawo chatsopano pa malo otsalawo, chikhale chosungiramo ntchito za ophunzira.

Za layisensi musade nkhawa kwambiri. Layisensi ya Windows 10 ndi 11 kawirikawiri imamangiriridwa ku motherboard, kotero kusintha chosungira chokha sikuiononga. Koma ngati mwajambula disiki imodzi kuti muiike m'makompyuta ambiri, iliyonse iyenera kukhala ndi layisensi yake ndi dzina lake.

Chizolowezi chakale cha defragment n'chosafunika pa SSD, popeza ilibe kamkono koyendayenda. Windows za masiku ano zimaizindikira SSD zokha ndipo zimaisamalira m'njira yotchedwa TRIM.

Disiki Yakale

Musaifufute msanga. Ilembeni dzina la kompyuta ndi tsiku, ndipo muitsekere mu kabati kwa milungu ingapo, kufikira onse ogwiritsa ntchito atsimikiza kuti palibe chasowa. Pambuyo pake ingathe kukhala chosungira chapadera cha sukulu ngati ili yathanzi. Zimenezi n'zofunika chifukwa SSD nayonso imafa, ndipo kawirikawiri imafa mwadzidzidzi, yosayamba yalira monga imachitira hard disk.

Ngati disikiyo ituluka pa sukulu, kumbukirani zimene yanyamula: maina a ophunzira, malikisi awo, mafunso a mayeso, ndi makalata okhudza khalidwe la ana. Kufufuta mafayilo kapena quick format kumangochotsa mndandanda. Zolembedwazo zimatsalira, ndipo wodziwa angazitolenso. Gwiritsani ntchito pulogalamu yolemba pamwamba pa disiki yonse, kapena boolani mbale zake ngati ndi yakufa. Chinsinsi cha mwana chili m'manja mwa mphunzitsi ngakhale makina atatayidwa.

Kusandutsa Ntchitoyi Kukhala Phunziro

Ntchito imeneyi siiyenera kuchitika mseri Loweruka. Ndi mwayi wosowa woti ophunzira aone ndi maso zimene amangoziloweza. Disiki yakale isanachotsedwe, gulu limodzi liyeze ndi wotchi nthawi yoyambira pokanikiza batani kufikira pamene pulogalamu yolembera yatseguka, katatu, n'kupeza avereji. SSD ikaikidwa, liyezenso chimodzimodzi. Gulu lina liwerengere nthawi imene kujambula kudzatenge, pogawa kuchuluka kwa zosamutsidwa ndi liwiro la nthambo, kenaka lifananize yankho ndi zimene zachitikadi ndi kulongosola chifukwa chake zasiyana. Gulu lachitatu lifufuze chifukwa chake 500 GB yasanduka 465 GB.

Hard disk yakufa itsegulidwe kuti ophunzira aone mbale ndi kamkono. Chida chophunzitsira choposa chimenechi simudzachipeza m'buku. Onetsetsani kuti atsikana ndi anyamata onse agwirako sikuludiraiva, osati kuti ena azigwira ntchito ena akungolemba. Koma kusankha disiki yochokera ndi yolandira kukhale m'manja mwa mphunzitsi, ndipo poyeserera musagwiritse ntchito kompyuta ya mu ofesi.

Mau Otsiriza

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Yambani ndi kompyuta imodzi ya ophunzira imene ilibe zofunika kwambiri, ndipo mulembe mu kaundula wa chipinda cha makompyuta zimene mwachita: tsiku, mtundu wa SSD, njira imene mwatsata, ndi kumene mwasunga disiki yakale. Manambala amene ophunzira apeza poyeza nthawi muwaonetse kwa mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu. Amenewa ndiwo adzakulankhulireni popempha ndalama za makina otsalawo. Ndipo mphunzitsi amene adzalowe m'malo mwanu mukadzasamutsidwa adzapeza kaundula womuuza poyambira.